Nambala ya alendo pa Evite ikusiyana ndi ya komiti, ophika akudikira

Wokonza maukwati, Lilongwe:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ukwati watsala masabata 5, holo imalowa anthu 300. Akwati anaitana anthu kudzera pa Evite, tsamba la pa intaneti lotumizira makhadi oitanira ndi kulandirira mayankho, chifukwa abale ambiri ali ku Johannesburg ndi ku London. Pa Evite ovomera kubwera ndi 140, koma m'kaundula wa komiti muli 260. Ophika akufuna nambala ya mbale. Ndigwire iti?

Wosindikiza makhadi, Blantyre:
Amayi, musagwire iliyonse kaye. Funso loyamba: khadiyo anatumiza bwanji? Aliyense payekha, kapena link imodzi anaiponya m'magulu a WhatsApp?

Ndikufunsa chifukwa cha mmene Evite inapangidwira. Anaiyambitsa mu 1998 ku America ndi Al Lieb ndi Selina Tobaccowala, omwe anaphunzira ku Stanford. Nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp kapena Facebook, zonse zinkayenda pa imelo. Nzeru yake inali yakuti mlendo aliyense ali ndi imelo yake, khadi ipite kumeneko, iye adine kuti abwera, sabwera kapena mwina. Kuwerengako kumalondola pokhapokha dzina limodzi likayenda ndi khadi imodzi. Kampaniyi yasintha manja kangapo, Ticketmaster anaigula mu 2001, kenako Liberty Media mu 2010, koma msana wake ndi womwewo. Link imodzi ikazungulira m'gulu la mpingo, ena amayankha kawiri, ena amalemba dzina loti akwati salidziwa, ndipo achikulire ambiri amangowona chithunzi n'kuuza ankhoswe pakamwa kuti tibwera.

Wokonza maukwati, Lilongwe:
Akunja anawatumizira pa imelo. Akuno link imodzi pa WhatsApp, monga mwanenera.

Wosindikiza makhadi, Blantyre:
Ndiye vuto ndi lomwelo. Tsegulani mndandanda wa alendo pa Evite muwone amene khadi sanaitsegule n'komwe. Ambiri mwa amenewo imelo inagwera mu spam, bokosi la maimelo osafunika, kapena adilesi inalembedwa molakwa chilembo chimodzi. Musawatumizirenso imelo ina, igwera komweko. Aimbireni foni. Kenako pangani kaundula mmodzi pa Excel: dzina, foni, mbali ya mkazi kapena ya mwamuna, akulu angati, ana angati, wayankha pati. Evite ikhale njira imodzi yolandirira mayankho, kaundula weniweni akhale wanuyo. Muwonenso malo oikapo malire a anthu omwe mlendo angabwere nawo. Akawasiya osatseka, khadi ya munthu mmodzi imabweretsa banja lonse.

Mayi wophika m'maphwando, Zomba:
Asisi, ife ophika chomwe timafuna ndi tsiku lotsekera. Ikani masiku 14 ukwati usanafike, chikumbutso chipite masiku 3 tsikulo lisanakwane. Oti "mwina" musawawerenge ngati ovomera: agaweni kwa a komiti, aliyense aimbe mayina 20, madzulo awiri zatheka. Nambala ikatuluka, onjezerani mbale 10 pa 100 zilizonse, kenako muwonjezere padera a MC, ojambula, oimba, madalaivala ndi operekera. Awa ndi omwe amaiwalika kawirikawiri, ndipo nkhuku ikatha amayamba kusowa ndi iwowo. Ana muwalembe paokha, mbale yawo si yofanana ndi ya wamkulu. Mpunga ndi nsima tingawonjezere tsiku lomwelo, koma nyama imafuna kugulidwa ndi kusungidwa mufiliji pasadakhale, n'chifukwa chake timaumirira nambala.

Wa makompyuta, Mzuzu:
Ndiwonjezere za chitetezo, pakuti apa mukusunga mafoni a anthu ena. Mu 2019 Evite inavomereza kuti akuba analowa m'makina ake n'kutenga mayina, maimelo ndi mapasiwedi a anthu, ndipo maakaunti okhudzidwa anali pafupifupi 100 miliyoni. Choncho pasiwedi ya akauntiyo ikhale yakeyake, osati yomwe akwati amagwiritsa ku banki kapena pa imelo. Bisani mndandanda wa alendo kuti oitanidwa asamawonane mayina. Nambala za Airtel Money kapena Mpamba za perekaniperekani musaziike pa khadi yomwe link yake ikuyenda paliponse, wakuba amatha kukopera chithunzicho n'kusintha nambala. Zimenezo zilengezedwe ndi komiti.

Ukwati wina mukadzafuna khadi yooneka ngati yapepala, ilipo Paperless Post ya ku New York, yomwe James ndi Alexa Hirschfeld anayambitsa mu 2009. Makhadi ake okongola ambiri ndi olipira.

Wokonza maukwati, Lilongwe:
Zikomo nonse. Ndauza ophika kuti pakali pano akonzekere 260, nambala yotsimikizika ndiwapatsa tsiku lotsekera likakwana. Komiti ikumana Loweruka kugawana mayina oimbira. Achimwene a ku Blantyre, pakhomo tigwiritse kaundula yekha kapena tisindikizenso timakhadi tolowera?

Wosindikiza makhadi, Blantyre:
Sindikizani, ting'onoting'ono, ta nambala 1 mpaka 300, ndipo nambala iliyonse ilembedwe pa dzina lake m'kaundula. Akunja akatengere pakhomo. Pakhale anthu awiri, wina wa kuchikazi wina wa kuchimuna, odziwa nkhope za abale.