Loya kupempha mavoti kuti akhale jaji: zimayenda bwanji?

NyaChirwa, Chibavi:
Odi akuluakulu odziwa malamulo muno. Pa Facebook pakuyenda chithunzi cha loya wina wa ku Texas, woimira anthu pa milandu m'khoti, akupempha anthu a m'dera lake kuti amuvotere akhale jaji. Kodi jaji amachita kuvoteredwa ngati khansala? Kampeni yake imakhala yotani? Nanga loya wa kuno ku Mzuzu atafuna mpando wa ku High Court angatero?

A Mhango, Katoto:
Mayi, n'zoona ndithu, koma si America yense. Majaji a boma lalikulu amasankhidwa ndi pulezidenti, nyumba ya Senate n'kuvomereza. Ovoteredwawa ndi a m'zigawo zina monga Texas. Kumeneko jaji wa district court amaimira chipani ndipo akapambana amakhala zaka 4. Choyamba loyayo amalembetsa dzina la msungichuma wa kampeni. Asanatero saloledwa kulandira ngakhale dola imodzi. Kenako amalipira ndalama yolembetsera kapena kubweretsa mayina a ovota omusainira. Chisankho cha chipulula chimachitika mu March, chachikulu mu November. Kuyambira pa kusintha kwa malamulo kwa mu 2021, wofuna mpandowu amayenera kukhala atagwira ntchito ya uloya kapena ujaji zaka 8.

Kampeniyo ndi yovuta chifukwa sangalonjeze chigamulo. Sanganene kuti "mukandisankha akuba onse ndidzawatsekera." Amangonena zaka zomwe wakhala m'khoti, mitundu ya milandu yomwe wagwira ndi mabungwe omwe akumuvomereza. Ovota ambiri sadziwa n'komwe mayina a majaji, poti amakhala kumunsi kwenikweni kwa pepala lovotera, ndiye amangotsata chipani. Mu 2018 ku Harris County ku Texas, komwe kuli mzinda wa Houston, majaji a chipani cha Republican adagwa onse pamodzi, odziwa ntchito ndi osadziwa omwe.

A Gondwe, Luwinga:
A Mhango afotokoza bwino, koma pamene pagona nkhani ndi pa ndalama. Amene amathandiza kampeni ya jaji ndani? Ndi maloya anzake ndi makampani, omwewo amene mawa adzaima pamaso pake ndi milandu. Ku West Virginia mkulu wa kampani ya malasha ya Massey, Don Blankenship, adathira ndalama pafupifupi madola 3 miliyoni pothandiza Brent Benjamin kukhala jaji wa bwalo lalikulu la apilo la chigawocho, pomwe kampaniyo inali italamulidwa kulipira madola 50 miliyoni pa mlandu wina. Apilo itafika, Benjamin adakana kuchoka pa mlanduwo ndipo voti yake idathandiza kufafaniza chigamulocho. Mu 2009 bwalo lalikulu la America yense lidati amayenera kuchokapo. Mu 2015 bwalo lomwelo lidavomereza lamulo la ku Florida loletsa wopikisana kupempha yekha ndalama. Imapempha ndi komiti yake. Komabe mndandanda wa opereka amauona, ndiye kusiyana kwake n'kochepa.

Mayi Kaunda, Mchengautuwa:
Za kwathu kuno yankho ndi lakuti ayi, palibe kampeni. Ndime 111 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 imati majaji amasankhidwa ndi Pulezidenti potsatira mayina omwe bungwe la Judicial Service Commission lapereka. Mkulu wa majaji yekha ndiye amayenera kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse omwe alipo n'kuvota. Ndime 112 imafuna kuti loyayo akhale ndi chilolezo chogwira ntchito kwa zaka zosachepera 10. Choncho loya wa pa Mzuzu amadikira mipata ilengezedwe, n'kutumiza kalata ndi mapepala ake, n'kukayankha mafunso. Chomwe chingamugwetse ndi mbiri: dandaulo lakuti adadya ndalama za kasitomala likakhala ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, likhoza kumutsata mpaka kumeneko.

Ine ndikuti njira yathuyi tisaitaye. Pa 3 February 2020 majaji asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Akadakhala kuti mipando yawo adaipeza ndi ndalama za chipani, ndikukayika ngati akadalimba mtima choncho.

A Gondwe, Luwinga:
Pamenepo tagwirizana, mayi, koma tisadzitame msanga. Kuvota kuli ndi ubwino umodzi: jaji wosunga chigamulo zaka ndi zaka anthu amatha kumuchotsa. Kuno munthu wa ku Chitipa amakwera basi kubwera ku High Court ya Mzuzu, n'kungouzidwa kuti mlandu wasunthidwa, ndipo sadziwa kokadandaula. Chofunika si kuika majaji pa pepala lovotera, koma kuti mayina a ofunsira ujaji azilengezedwa poyera asanasankhidwe, anthu odziwa mbiri yawo apereke maganizo, ndiponso dandaulo lopita ku Commission liziyankhidwa pa nthawi yodziwika.