Masoli oodedwa ku Dar akusendeka: ndi guluu kapena soli?

Msoki wa pa Boma la Mangochi: Akuluakulu ndithandizeni. Ndinaoda katoni ya masoli akuda a nsapato za sukulu kudzera kwa mnyamata amene amakatenga katundu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam. Makolo anagula nsapato zomwe ndinasoka sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira mu September, pano nsapato zikubwerera imodziimodzi zitayasama kutsogolo. Guluu ndi wachikasu yemwe uja wa masiku onse. Pakatoni palibe china cholembedwa koma masaizi ndi dzina la China.

Wa ku Namwera: Dzuwa la kunyanja limenelo achimwene. Guluu wachikasu akatenthedwa amafewa. Kuno kumtunda zoterozo sitizidziwa. Ingodutsitsani ulusi basi.

Mdala wa ku Monkey Bay: Dzuwa musalinamizire msanga. Kunonso kumatentha, koma nkhwayira za matayala ndimamata ndi guluu yemweyo ndipo asodzi amayenda nazo pamchenga wotentha. Sendani imodzi yonse mutiuze, guluu watsalira mbali iti, ndipo mukamukhudza ali bwanji?

Msoki wa pa Boma: Ndasenda madala. Yense watsalira kuchikopa, akunanda ngati ulimbo. Soliyo ili see, kuterera, ngakhale pomwe ndinapala ndi sandipepa.

Mdala wa ku Monkey Bay: Ndiye imeneyo si labala, ndikuganizira PVC, mtundu wa pulasitiki. Tengani waya wa kopa, uja wa m'nthambo za magetsi, mumuwotche mpaka afiire, mumugunditse pasoli kuti pakakamire kachidutswa, kenako mumubwezere pamoto. Lawi likasanduka lobiriwira ndi PVC. Chitirani panja, utsi wake umatsamwitsa. PVC amaifewetsa ndi mafuta ena ake pakupanga, ndipo mafutawo amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'guluu wachikasu mpaka kumusungunula. Kutentha kwa Mangochi kumangofulumizitsa, mnzathu wa ku Namwera sananame kwenikweni.

Mayi wogulitsa zipangizo: Pomwe mukuwotcha wayayo ndinenepo za kaodedwe. Ku Kariakoo ukangoti ndikufuna masoli, amakupatsa amene ali pafupi ndi otsika mtengo. Amene mwamutumayo amayang'ana saizi ndi mtengo, sasoka nsapato iye. Muzimulembera papepala kuti labala, TPR, PU kapena EVA (mitundu ina ya pulasitiki yopangira masoli), ndipo azikutumizirani chithunzi cha kunsi kwa soli pa WhatsApp asanalipire, ena amadinda zilembozo pakati pa soli. A PU samalani nawo akakhala otchipa modabwitsa. Akakhalitsa m'sitolo pamalo otentha ndi achinyontho amafumbutuka okha, ngakhale sanapondepo pansi.

Msoki wa pa Boma: Lawi labiriwira. Ndiye katoni yonseyi nditaye? Ndalama yake ndinachita kukongola kubanki m'khonde.

Mdala wa ku Monkey Bay: Kutaya chiyani? Sinthani guluu. Mufunika uja woyera wa PU, ku Limbe amapezeka. Chotsani guluu wakale yense kuchikopa, mupalenso. Soli muipukute ndi kansalu konyowetsa ndi thinala mpaka kuterera kuja kuthe. Pakani mbali zonse ziwiri mopyapyala, chikopa kawiri chifukwa chimamwa, mudikire ziume mpaka chala chisamamatirire. Apa ndi pomwe anyamata ambiri amaphonya: guluu wa PU akauma amafuna kumudzutsa ndi kutentha. Yandikizani kumbaula, osati pamoto penipeni, soli ingofunda bwino, muphatikize nthawi yomweyo n'kukhoma ndi hamala kuyambira kuchala mpaka kuchidendene. Chitini cha guluu ndi thinala zikhale kutali ndi mbaulayo. Nsapato igone tsiku lathunthu mwana asanaivale.

Wa ku Namwera: Ine ndikubwereza, ulusi. Mwana wa sukulu amamenyera mpira nsapato yomweyo.

Mdala wa ku Monkey Bay: Kutsogolo kokha sokani, sindikukana. Koma ulusi pa guluu wonanda ndi kubisa matenda, mvula ikayamba madzi alowa pakati.

Mayi wogulitsa zipangizo: China chimene anthu satiuza. Katundu wa ku China ngakhale mumugule ku Tanzania sasanduka wa ku Tanzania. Pa boda ya Songwe a MRA amayang'ana komwe anapangidwa, ndiye zochotsera msonkho za SADC sizimukhudza, zimafuna satifiketi yosonyeza kuti anapangidwadi m'dziko la SADC. Papepala la msonkho pazilembedwa kuti ndi zipangizo za nsapato, nambala yake ya kasitomu ndi 6406, asakuwerengereni ngati nsapato zathunthu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katoni yolakwika imapha mpamba wonse. Bwanji ulendo wotsatira tisonkhe, titumize munthu mmodzi wodziwa kusoka, abwere ndi guluu woyenera masoliwo pamodzi?

Msoki wa pa Boma: Mundilembe mayi. Guluu wa PU ndatuma kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, afika mawa. Ndiyamba ndi peya ziwiri za ana oyandikana nawo nyumba ndione ngati zigwire, zinazo ndiziitanitsa pambuyo. Zobwererazi ndikonza ulere.

Wa ku Namwera: Inenso mundilembe, koma anga akhale a labala, saizi 3 mpaka 6.