Ndiwauze amayi kuti munthu amene akumukonda m'bukuli amwalira?

NaPhiri, Mufakose:
Abale anga a m'gulu lino, moni nonse. Ndili ndi funso limene landikhala pamtima sabata yonse, chonde mundithandize nzeru.

Ndimakhala ndi amayi anga kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Iwo anachoka ku Dedza ali kamtsikana mu 1961, nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Pano maso awo agwidwa ndi ng'ala, Baibulo lawo lomwe sakuliwerenganso. Madzulo magetsi akazima timangokhala, ndiye mwezi wa Meyi ndinatsitsa mabuku anga akale pamwamba pa wadiropu.

Ndi mabuku asanu ndi limodzi a Chingerezi, nkhani imodzi yopitirira, ya maufumu ongopeka, matsenga ndi chikondi. Ndinkagula limodzilimodzi kwa anyamata oyala mabuku pansi m'tauni, lomaliza ndinakalipeza ku msika wa Avondale. Lililonse limaposa masamba 600, ndipo koyambirira kuli mapu ndi mndandanda wa mayina masamba anayi athunthu. Ulendo woyamba ndinkathamanga nawo, kumangofuna kudziwa ngati mtsikanayo akwatiwe ndi msilikali wake. Ulendo uno ndikuwerenga mwachifatse, ndipo ndikudabwa ndi anthu amene ndinawadumpha ngati kulibe. Pali gogo wina wosunga makiyi a nyumba ya mfumu. M'buku loyamba amabisa kalata pansi pa mbale ya mkate, mizere iwiri yokha, ndipo tanthauzo lake limadzaoneka m'buku lachinayi. Nditafika pamenepo ndinaika buku pansi, thupi lonse tsembwe.

Amayi atandimva ndikuusa moyo anati ndiwafotokozere. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga mutu umodzi pa kombi (minibasi), madzulo n'kuwakambira m'Chichewa. Iwo amati ndiyambe ndi "padangokhala", iwo n'kuvomera "tili tonse". Mayina achizungu anawakana, aliyense anamupatsa lawo. Gogo wa makiyi ndi NaJere. Mabanja amawasunga pa thireyi: nyemba zofiira ndi a kumpoto, chimanga ndi a kunyanja, mtedza ndi ansembe. Wina akapereka mnzake, amapapasa njere yake n'kuisamutsira mbali ina. Amakumbukira ubale wa anthuwa kuposa ine amene ndili ndi buku m'manja. Zikafika pa za m'chipinda ndimangoti "anatseka chitseko", iwo amati pitiriza mwanawe, ndamva.

Vuto langa ndi ili. Tatsala ndi mitu itatu kuti tifike pamene NaJere amwalira, m'buku lachisanu, ndipo imfa yake ndi yowawa: amwalira yekha, kutali ndi kwawo, mwana amene anamulera asanafike. Chaka chatha akulu awo a amayi anamwalira ku Dedza, iwo osapita kumaliro chifukwa mapepala oyendera sanatuluke msanga. Kangapo konse anena kuti NaJere amalankhula ngati akulu awowo. BP yawonso imavuta. Kodi ndiwauze monga zilili, ndidumphe, kapena ndisinthe kuti gogoyo apulumuke? Sindinawanamizepo m'nkhani imeneyi.

Bambo a Chikondi, Mabvuku:
Achemwali, auzeni zoona. Amayi anuwo aika anthu ambiri m'manda kuposa inu ndi ine. Ndipo kumbukirani nthano zimene iwo omwewo ankatikambira tili ana. Kamdothi uja sanasungunuke ndi mvula? Palibe gogo amene anamupulumutsa poopa kuti tilira. Tinkalira, mawa n'kupemphanso yomweyo.

NaNkhoma, Dzivarasekwa:
Ine ndikusiyana nanu bambo. Kamdothi tinkamumva usiku umodzi. Apa mayi akhala ndi NaJere miyezi yambiri, ndiye ali ngati m'bale wa pakhomo. Amayi anga atataya mchimwene wanga, ngakhale sewero la pa wailesi lokhala ndi maliro ankazimitsa. NaPhiri, inu ndi amene mukudziwa mtima wa mayi anu. Mukasintha, palibe amene akakuzengeni mlandu.

Mphunzitsi wa ku Highfield:
Mabuku a mtundu umenewu ndawerenga ambiri, ndipo ena kawiri katatu. Chenjerani ndi kusintha, mayi. Wolemba akamapha munthu wofunika chotero chakumapeto, ndiye kuti zotsatira zonse zatsamira pa imfayo: wina asintha mtima chifukwa cha iyo, wina abwezera, okondana aja mwina ayanjana pamaliro pomwepo. Mukamusiya wamoyo, buku lachisanu ndi chimodzi mudzalipeka nokha kuyambira tsamba loyamba, ndipo mayi amene amasunga mabanja ndi nyemba adzakugwirani msanga. Langizo langa ndi la nthawi. Mutu umenewo musaukambe mumdima. Sankhani Lamlungu masana mukachoka kutchalitchi, atamwa mankhwala, tiyi ali pafupi, ndipo muwerengeretu mutu wotsatira kuti asagone ndi maliro okhaokha.

NaPhiri, Mufakose:
Aphunzitsi, mwalasa. Mwana uja amafika mochedwa, koma ndi iyeyo amene amanyamula makiyi aja mpaka kumapeto, ndipo kalata ya pansi pa mbale imadzawerengedwa pagulu. Popanda imfayo zonsezi zilibe poima.

Mayi a Tadala, Tafara:
Bwanji osawafunsa eniake? Osaulula dzina ayi. Mungoti, "Amayi, kutsogoloku kuli maliro owawa, tipite nawo kapena tilambalale?" Munthu wamkulu amasankha yekha. Komanso pepani ndalowetsa ina: ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni. Apongozi anga anathandizidwa ku chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi, ku Parirenyatwa, ndipo pano akulowetsa okha ulusi pa singano. Kawayezetseni.

Mnyamata wa ku Mbare:
Anti, mabukuwo dzina lake ndi chiyani? Ndikufuna ndikawafufuze ku Harare City Library pa Rotten Row. Njira ya nyembayo ndiyesa, ine ndinasiyira pakati mabuku ena chifukwa chosokonezeka ndi mayina.

NaPhiri, Mufakose:
Mwana wanga, ndakutumizira kumbali, kuopa kuonongera ena amene sanafike pa imfayi. Ukawasowa ubwere udzabwereke loyamba, koma lachikuto chake ndi chomata ndi selotepi, uligwire bwino.

Mayi a Tadala, zikomo kawiri. Za maso tipita mwezi ukatha. Ndipo dzulo ndawafunsa monga munanenera. Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lili pa thireyi. Kenako anatola nyemba ya NaJere, ija yaikulu yamawangamawanga, n'kundifunsa kuti, "Ndi uyu eti?" Sindinayankhe, misozi inali itayamba kale. Iwo anati anaziona kuyambira pamene gogoyo anapereka mpango wake kwa mdzukulu, munthu satero pachabe. Anati ndisadumphe liwu ngakhale limodzi, koma tidikire Lamlungu, ndipo ndiitane azakhali a ku Kambuzuma adzakhale nafe. Nyembayo aimanga pa nsonga ya chitenje.