Alendo anga akufuna dhow kuchoka ku Bagamoyo mpaka Stone Town mu July, ndiwayankhe chani?

Wa maulendo ku Lilongwe: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi gulu la anthu 11 ochokera ku England, a mpingo wa Anglican, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 61 wamkulu 78. Akubwera mu July kudzatsata mbiri ya mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa, mishoni yakale ya Anglican), nde mbali ya kwathu kuno ndamaliza kale, Nkhotakota pa mtengo wa Livingstone paja, kenako Likoma ku tchalitchi cha St Peter's, zimenezo sizikundivuta. Vuto ndi la ku Tanzania. Mtsogoleri wawo, abusa opuma, alemba maimelo atatu kuti feri sakuyifuna, akufuna kukwera dhow, mabwato a thanga aja, kuchoka ku Bagamoyo kukatsikira ku Stone Town pa chilumba cha Zanzibar "monga momwe akapolo a ku Nyasa ankadutsira". Munthu wanga wa ku Dar es Salaam akuti bwato lipezeka bola ndalama. Kotesheni akuyifuna Lachisanu. Ndivomere?

Woyendetsa boti ku Nkhata Bay: Achemwali musavomere. July? Kumeneko imakhala nthawi ya kusi, ndi mwera wathu womwewu basi, mphepo yochokera kummwera, kungoti kumeneko ilibe phiri loitchinga. Inu mwera wa July pa Ilala mukuudziwa momwe anthu amagonera pansi ndi mabeseni, nde muganize nyanja yamchere pa bwato lathabwa lopanda denga, chimbudzi chake kabokosi kolenjekeka kumbuyo pamwamba pa madzi. Agogo a zaka 78 akakwera pamenepo?

Wa maulendo ku Lilongwe: kkkk kabokosi kameneko sindinawauze

Gaidi wa ku Likoma: Mayi, ine ndiyambire pa mbiri chifukwa ndi pomwe mungawagwirire abusawo osawakhumudwitsa. Alakwitsa njira. Anthu omwe a Jumbe ankagulitsa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja yathuyi kupita tsidya la kummawa, kenako wapansi kudutsa dziko la Ayao mpaka ku Kilwa, Kilwa Kivinje makamaka, ndipo kumeneko ndi komwe ankawalonga m'ma dhow kupita ku msika wa ku Zanzibar. Bagamoyo inali mathero a njira ina, ya ku Ujiji ndi Tabora. Nde akati "monga akapolo a ku Nyasa" ndiye kuti akunena Kilwa, ndipo Kilwa ili kutali kummwera kwa Dar, palibe munthu wanzeru angaike nkhalamba pa thanga ulendo umenewo.

Koma Bagamoyo musayichotse pa pulogalamu ayi. Mtembo wa Livingstone, atamwalira kwa Chitambo mu 1873, antchito ake Susi ndi Chuma ndi anzawo anaunyamula miyezi yambirimbiri mpaka kufika nawo ku Bagamoyo mu February 1874, unagona ku mishoni ya Akatolika kumeneko kenako nkuwolotsedwa kupita ku Zanzibar. Chuma uja anali Myao, mwana wakunoko. Auzeni zimenezo muona maso awo.

Wa maulendo ku Lilongwe: Eee achimwene apa mwandipatsa chonena. Ndimaopa kungoti "ayi nzoopsa" chifukwa azungu ena ukatero amaona ngati ukufuna kuwagulitsa chako.

Madala a ku Blantyre, zaka 20 pa ntchitoyi: Mwana wanga ndiwonjezere chomwe ife akunyanja ya Malawi timaiwala. Nyanja yathu sithawa, pomwe wasiya bwato m'mawa ulipeza pomwepo madzulo. Ya kumeneko imaphwa ndi kudzala kawiri pa tsiku, ndipo ku Bagamoyo ikaphwa madzi amapita kutali zedi, ma dhow amangogona cham'mbali pa mchenga ngati ng'ombe zokhuta. Ine ndinazionera ndekha, ndinali ndi banja lina la anthu anayi, tinagwirizana ndi mwini bwato 8 koloko, tafika tapeza bwato lili pa matope iye akusoka thanga alibe nazo ntchito, akuti tidikire madzi. Tinanyamuka 1 koloko, ndipo kuti tikafike pa bwatolo tinayenda m'madzi ofika m'chiuno, masutikesi pamutu, mayi wa banjalo akulira chifukwa anaponda kanthu kaminga. Amene ananditumizira bwatolo foni anathimitsa. Ndalama ndinabweza ndine, kuchotsa m'thumba mwanga.

China, funsani a inshulansi yawo ku England ngati angalipire munthu atavulala pa bwato la katundu lopanda mapepala onyamulira alendo. Yankho lake mulitumize kwa abusawo osawonjezera liwu.

Woyendetsa boti ku Nkhata Bay: Zoona madala. Ndipo asamaone ngati kamtunda kakafupi ndiye kosewera, feri ya Skagit ija inamira mu July 2012 ikuchoka ku Dar kupita ku Zanzibar komweko, nyanja itakalipa, anthu ambiri anatsala m'madzi. Sindikuti muwaopseze nazo, koma inuyo muzidziwa.

Mtsikana wa ma buking'i, amakhala ku Dar: Anti ine ndili konkuno, ndikuuzeni momwe timachitira ndi magulu otere. Bagamoyo pitani pa galimoto kuchoka mu Dar, m'mawa kupita madzulo kubwera, akaone mishoni ija ndi mabwinja a Kaole, akajambulitse pa gombe pomwe amakhoma ma dhow, mtima ukhala pansi. Mawa lake feri yothamanga yoyambirira ya m'mawa, maola awiri basi muli ku Stone Town, m'mawa nyanja imakhalako bwino kusiyana ndi masana. Mapilisi a chizungulire amwe kukadali ola limodzi asanakwere osati akayamba kale kumva nseru, ndipo akhale pansi chakumbuyo, kutsogolo ndi komwe kumadumpha kwambiri. Matikiti mugule pa ofesi yeniyeni ndi mapasipoti awo, anyamata a pa geti aja akuuzani kuti ofesi yatseka kapena feri yadzaza, musawamvere ndipo chikwama musapatse munthu wopanda yunifomu.

Pobwerera musawakweze feri. Nthawi ya kusi kuchoka ku Zanzibar kupita ku Dar mumalimbana ndi mafunde maso ndi maso, ya madzulo ija amagawa timapepala tosanziramo musananyamuke nkomwe. Akwere ndege, mphindi 20 zokha, kapena tikiti yawo yobwerera kwawo inyamukire ku Zanzibar konko.

Musaiwale inshulansi ya boma la Zanzibar ija inayamba mu October 2024, madola 44 munthu mmodzi, imagulidwa pa intaneti ndipo imakhala yapadera ngakhale ali ndi yawo ya kwawo. Iikeni mu kotesheni pano, mukadzawauza pa doko adzati mwawabera. Komanso mapasipoti akhale m'manja potsika, amaonanso pofika ngakhale ndi dziko limodzi.

Wa maulendo ku Lilongwe: Nanga dhow yawoyo? Munthu walota thanga zaka 40 ndingomuti iwalani?

Mtsikana wa ma buking'i, amakhala ku Dar: Ayi apatseni, koma ya madzulo pa Stone Town pomwepo, ola limodzi kapena awiri dzuwa likulowa, mbali imeneyo chilumba chimatchingako mphepo. Thanga amakweza ndithu, zingwe kulira, mzinda wonse nkumauonera panyanja monga ankauonera obwera kale. Muuze mwini bwato kuti mukufuna ma life jacket 11 muwaone ndi maso musanalipire. Akafuna zambiri kuli Changuu, Prison Island ija ya akamba akuluakulu, theka la ola pa boti la injini.

Gaidi wa ku Likoma: Ndipo tsiku la mu Stone Town musalidzaze. Anthu awa chomwe adzere ndi Christ Church ku Mkunazini, tchalitchi chomwe Bishopu Steere anamanga pamalo pa msika wa akapolo utatsekedwa mu 1873, iye mwini anaikidwa kuseri kwa guwa. Muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo pomwe anakwirira mtima wa Livingstone. Anthu oti angochoka ku Likoma akakalowa mmenemo sakatuluka msanga, apatseni m'mawa onse. Tizipinda tapansi tomwe amaonetsa alendo pafupi ndi tchalitchicho ndi totsika denga komanso totentha, wa zaka 78 mumufunse kaye. House of Wonders musawalonjeze zolowa, mbali ina inagwa mu December 2020, angoionera panja popita ku Old Fort.

Madala a ku Blantyre, zaka 20 pa ntchitoyi: Hotela musankhe yomwe galimoto imafika pakhomo. Tinjira ta mkati muja galimoto silowa, katundu amakankha pa ngolo ndipo nkhalamba zimasochera pa kona yachiwiri. Azimayi muwauze mapewa ndi mawondo zibisike, ndi mzinda wa Asilamu, atenge zitenje ku Nkhotakota komweko. Ku Forodhani, msika wa zakudya wa pa gombe uja, usiku adye zowotcha akuona, nsomba zoyalidwa kuyambira masana zija ayi, mawa lake kuli ndege.

Wa maulendo ku Lilongwe: Ndalemba imelo, ndayamba ndi nkhani ya Kilwa ndi Chuma, za kabokosi ndaika pamapeto. Abusa ayankha pompano, akuti Bagamoyo pa galimoto ndi bho, dhow ya madzulo avomera, koma tsopano akufunsa ngati tingawonjezere masiku awiri apite ku Kilwa. Alipo ali ndi dalaivala wodalirika wa njira ya Dar mpaka Kilwa Masoko? Coaster osati Hiace, miyendo yawo ndi yaitali.

Mtsikana wa ma buking'i, amakhala ku Dar: Ndikutumizirani ku inbox anti. Koma ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa msewu, muwauziretu, ndipo Kilwa Kivinje ndi Kilwa Kisiwani ndi malo awiri osiyana, afunseni akufuna iti musanapange mtengo.