Thandizo la malungo lafika: masikito kapena mankhwala a m'zithaphwi?

Mlembi: Abale, ndalama zija anzathu akunja analonjeza zafika, akuti zigwire ntchito ya malungo. Komiti ikuganiza zogula masikito.

Azaumoyo opuma: Masikito ake ati, a Mlembi? Udzudzu wa masiku ano unazolowera mankhwala a pyrethroid amene ali m'masikito akale. Umatera pa neti n'kuulukanso uli gwa. N'chifukwa chake mu 2023 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anavomereza masikito a mankhwala awiri, owonjezera chlorfenapyr. Mukathamangira otchipa, mwagula nsalu yongotchinga.

Azaumoyo opuma: Ine ndikuti tiuphere m'madzi usanamere mapiko. Pali Bti, bakiteriya wa m'dothi. Mphutsi za udzudzu zikamudya zimafa, koma nsomba ndi ziweto sizikhudzidwa. Kungoti sachedwa kutha mphamvu, ndiye pamafunika anthu othira pafupifupi sabata iliyonse, chithaphwi chilichonse, ngakhale timadzi ta pamene paponda ng'ombe.

Malume: Sabata iliyonse? Ndiye kuti maalawansi. Zayambikanso.

Achemwali: Tisanapite patali, malisiti a mjigo uja ali kuti?

Msungichuma: Achemwali, lipoti ndinapereka pamsonkhano, inuyo simunabwere.

Achemwali: Mwina ndinalibe, koma mjigowo ulipo?

Malume: Komanso ine ndamva zoti akufuna kutibweretsera udzudzu wopangira dala. Tisamale.

Azaumoyo opuma: Amalume, zimenezo ndi za ku Burkina Faso. Mu 2019 anatulutsa udzudzu waumuna wosabereka ngati kafukufuku, ndipo waumuna suluma munthu, woluma ndi waukazi. Boma lawo linaimitsa ntchitoyo mu 2025. Sizikukhudzana ndi ndalama zathuzi.

Azaumoyo opuma: Ngati Bti mukumuopa, titseke mipata ya pakati pa khoma ndi denga, tiike waya m'mawindo. Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, amakonda kulowera pamenepo usiku.

Aphunzitsi: Tiyambira nyumba ya ndani? Ya a Wapampando?

Wapampando: Aphunzitsi, ulemu pang'ono. Dzina langa lalowa bwanji apa?

Msungichuma: Ngati simukundikhulupirira sankhani wina, ndatopa nako kutchedwa wakuba.

Achemwali: Palibe wanena kuti ndinu wakuba, mwadzitchula nokha.

Mlembi: Abale, eni ndalama ali pagulu pomwe pano, akuwerenga zonsezi.

Azaumoyo opuma: Funso langa silinayankhidwe. Masikito amene komiti ikufunawo ndi a mankhwala anji?

Malume: Tiyambe taona malisiti.