Thandizeni ndi mawu awa: dym ndi czad

Wofunsa: Omasulira anzanga mwaswera bwanji. Ndapatsidwa kapepala ka malangizo a alamu yoika m'nyumba, kanalembedwa m'Chipolishi kenako wina anakaika m'Chingerezi, ine akufuna Chichewa pofika mawa. Chingerezicho chikungoti smoke paliponse koma ndikasuzumira ku Chipolishi ndikuona mawu awiri, dym ndi czad. Ndingolemba utsi monsemo?

Achimwene a ku Leeds: Ayi asisi musayerekeze, pamenepo pali moyo wa munthu. Ine ndimagwira ntchito ndi anyamata a ku Poland, dym ndiye utsi weniweni womwe umaoneka ndi kulowa m'maso, koma czad ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wosaoneka, m'mabuku mwawo amati tlenek węgla. Ndiye czujnik dymu ndi czujnik czadu ndi zipangizo ziwiri zosiyana, china chimalira kukakhala utsi china chimalira ndi mpweya uja wosaoneka.

Amayi a ku Zomba: Achimwenewa anena zoona. Dym savuta, ku Russia amati dym, Chicheki dým, ku Serbia ndi Bulgaria dim, konseko ndi utsi basi. Wovuta ndi mnzakeyu chifukwa muzu ndi umodzi koma tanthauzo linayenda njira zosiyana. M'Chirasha chad ndi utsi wonunkha wotsamwitsa ngati mafuta akapserera pa moto, pomwe carbon monoxide amati ugarny gaz. A ku Ukraine ali pafupi ndi a ku Poland, amati chadny haz. Koma mukafika ku Serbia ndi Croatia čađ ndi mwaye, wakuda uja wa kudenga la khitchini! Ndiye musadalire chinenero chachibale poganiza kuti n'zofanana.

Wofunsa: Eee zikomo amayi. Nanga "mpweya woipa" zingakhale bwino?

Amayi a ku Zomba: Zikuchepa mwanangu, wina aganiza za fungo la kuchimbudzi kapena za mizimu kumene. Poyamba lembani "mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha wotchedwa carbon monoxide", kutsogoloko muzingoti mpweya wapoizoniwu. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi choti kwathu kuno mu June ndi July anthu amalowetsa mbaula kuchipinda makala akayaka bwino utsi utatha, n'kutseka mawindo poganiza kuti choopsa chapita, chonsecho mpweyawu ukutulukabe, umamatirira m'magazi kuposa oxygen kokwana ka 200, munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo osadzukanso. Mukalemba utsi owerenga aziyang'ana utsi, akapanda kuuona azimitsa alamuyo ati yawonongeka.

Achimwene a ku Leeds: Muwauzenso okupatsani ntchitowo kuti Chingerezi chawo chili ndi vuto, asasindikize chonchi.

Wofunsa: Ndawerenga bwinobwino, czad akupezeka malo 9, dym malo awiri okha pomwe akuchenjeza kuti alamuyi sizindikira utsi. Ndakonza monse ndipo imelo ndawatumizira kale.