Bambo anamaliza mankhwala a khate koma zala zikukhota, mafizo angathandize?

A admin, ndibiseni dzina chonde.

Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo anga anamwa mankhwala a khate aja a MDT miyezi 12 yonse osadumphitsa, ndipo kuchipatala anati tizilombo tinafa. Koma pano usiku sagona. Akuti mkono wakumanja ukuwaotcha kuyambira pachigongono kukafika ku zala ziwiri zakumapeto, ndipo zalazo zayamba kukhota. Phazi lakumanzere nalo akumalikweka poyenda. Ena akuti tiziwawongola zala mwamphamvu tsiku ndi tsiku. N'zoona zimenezi? Kapena matenda abwereranso?

Yankho loyamba:
Pepani m'bale wanga. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo ndikuti zokoka zalazo zilekeni kaye. Akhudzeni pachigongono chakumbuyo. Akadzuma, ndiye kuti mtsempha wa ulnar, umene umapita ku zala ziwiri zakumapetozo, watupa, ndipo mtsempha wotupa umafuna kupuma, dzanja limangidwe pa kathabwa. Kutupaku kumabwera ngakhale munthu atamaliza MDT, chifukwa thupi limalimbanabe ndi zotsalira za tizilombo takufa. Nthawi zambiri sikuti khate labwerera ayi. Pitani nawo kuchipatala sabata ino ndithu. Kufooka kwa mtsempha kukakhala kosapitirira miyezi 6, mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone amatha kubwezeretsa mphamvu. Mukachedwa, mpatawo umatsekeka. Musawagulire nokha, mlingo wake amautsitsa pang'onopang'ono adokotala.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri. Ndiye mafizo adzayambe liti?

Yankho loyamba:
Ululu wa kutupa ukazizira. Apo muziwapaka mafuta m'manja n'kumawongola chala chilichonse mofatsa kuti mfundo zisaume. Za phazi, azikhala pansi, akole nsalu kuphazi n'kumalikokera kwa iwo bondo litawongoka. Phazi likapanda kudzuka pali nsapato ya lamba wolinyamula, ndipo pali opaleshoni yosamutsa mnofu wina kuti uzidzutsa phazilo.

Yankho lachiwiri:
Ine khate ndinadwalapo. Chimene chimadya zala si matendawo, ndi dzanzi. Munthu umapsa osamva, umaponda msomali osadziwa, chilonda n'kulowa mpaka ku fupa. Madzulo alionse aziviika manja ndi mapazi m'madzi osatentha mphindi 20, apale khungu lolimba, apake vaselini asanaume, kenako inu muwaone kuphazi ngati pali ming'alu kapena pofiira. Asayende opanda nsapato, ndipo nsapatozo zikhale zofewa mkati. Onaninso ngati akutseka maso bwinobwino pogona.

Yankho lachitatu:
Kuotcha kwa usikuko panado sakumva. Amayi anga anawapatsa mankhwala a amitriptyline ndipo anayamba kugona, ngakhale ankadandaula kuuma kukamwa. Mukafunse adokotala.

Mwini funso:
Ndawakhudza pachigongono paja, alumpha ndi ululu. Mawa m'mawa tikupita.